Akadzidzi a mu Mkuyu wa Malemu Ezekiel

Patangopita masiku atatu chiikireni maliro a Bambo Ezekiel ku Chinsapo, abale anagwirizana zodula mkuyu wa pakhomo pawo.

Mkuyuwo unatsala wokha mumzere wonse wa nyumba za kumeneko. Kale ku Chinsapo mbalame zinkachita kusankha mtengo wogonamo. Mitengo yonseyo inathera m'mauvuni a njerwa, tatsala ndi fumbi ndi majumbo ouluka, n'kumati tatukuka. Bambo Ezekiel anasokera nsapato pansi pa mtengowo zaka makumi awiri, ndipo aliyense wobwera ndi nkhwangwa ankamubweza.

Mlandu unali wa kadzidzi. Tsiku la maliro anthu anamuona panthambi ndipo anamugenda mpaka kufa. M'mawa mwake a McDonald, mng'ono wa malemuyo, anapeza timipira takuda ta ubweya ndi timafupa pansi pa mtengo. Iwo anati zimenezo ndi zithumwa zimene zinadya akulu awo. M'phanga la mtengowo munali ana awiri a kadzidzi uja, akulira ndi njala.

Amayi Mabel, mkazi wa malemuyo, sankafuna kuti mtengowo ugwe. Koma ankadziwa kuti mkazi wamasiye akaikira kumbuyo kadzidzi, mawa lake amatchedwa mfiti n'kuthamangitsidwa panyumba. Choncho anangokhala pakhonde.

A McDonald akunola nkhwangwa, panafika Amayi Tusekele, mlangizi wa zaumoyo amene amakhala kuseri kwa mpanda. Atamva nkhaniyo anatola kamtengo, n'kuphwanya kampira kamodzi aliyense akuona.

"Bambo, tayandikirani. Mano awa ndi a ndani?"

A McDonald anawerama monyinyirika. "A khoswe."

Amayi Tusekele anafotokoza kuti kadzidzi amameza khoswe wathunthu, kenako amalavula ubweya ndi mafupa zili timipira chonchi. Anawakumbutsanso modekha kuti malemuwo ankadwala matenda othamanga magazi, ndipo anasiya kumwa mankhwala ponena kuti akupeza bwino.

"Ndiye mukuti tiziweta kadzidzi ngati nkhuku, adokotala?" anatero a McDonald.

"Ayi, kungomusiya basi. Khoswe amakudyerani ufa m'nyumba, simumutcha mfiti. Amene amadya khosweyo ndiye mwamugenda."

Ena anaseka chamumtima, koma nkhwangwa inali idakali m'manja. Apo Amayi Mabel anadzuka, n'kukaima patsinde pa mkuyu. Anatembenukira kwa a McDonald n'kuti:

"Alamu, akulu anu tawaika kale. Pakhomo pano chawo chatsala ndi mthunzi uwu. Musandiferetse kawiri."

A McDonald anayang'ana alamu awo. Kenako anatsamiritsa nkhwangwa kukhoma, n'kupukuta m'maso ndi kolala ya malaya.

Amayi Tusekele anaimbira foni anthu osamalira nyama zakutchire. Anthuwo anafika masana, koma anapeza mwana mmodzi atafa kale. Winayo anamutenga m'katoni yoboola. Asananyamuke analangiza anthu kuti akapeza nyama yovulala kapena yamasiye asaidyetse phala ngakhale kuisunga pakhomo, koma aitane odziwa. Anatinso makoswe aziwatchera misampha, chifukwa kadzidzi akadya khoswe wothiridwa poizoni, naye amafa.

Patatha miyezi iwiri uthenga unafika wakuti mwana wa kadzidzi uja wakula ndipo amuulutsa kunkhalango. Amayi Mabel anaulandira atakhala pansi pa mkuyu wawo, pakhomo pawo. Analira pang'ono, n'kunena kuti koma ndiye mwana wamasiye mmodzi wapulumuka.

Abale, kadzidzi saitana imfa; amangofuna chakudya ndi pogona ngati ife. Tisagende nyama chifukwa cha mantha, tisadule mitengo imene imazisunga, ndipo tikapeza yovulala tiitane odziwa kusamala nyama. Zimene tatsala nazo ndi zochepa kale.