Lamulo la Tsiku Limodzi

Martina anamanga tsamba la pa intaneti la anthu a ku Ulongwe, Nselema ndi Nsamala ali m'kachipinda ka kuseri kwa okala ya amalume ake pa Ulongwe, laputopu pamiyendo, anyamata a maminibasi akukuwa panja tsiku lonse. Analitcha Bwalo Lathu. Aliyense wa kuno, kaya ali pamudzi kaya ali ku Joni, amalembetsa dzina ndi nambala ya foni, kenako amalowa n'kulemba zake, anzake n'kumayankha. Nambalazo Martina analonjeza kuti sadzapatsa munthu. Bwalolo analigawa m'zipinda: cha zaulimi, cha misika, cha maukwati, cha maliro.

Sabata yachiwiri yomwe, munthu wina wopanda chisoni analemba kuti mphunzitsi wina wa kwa Nsamala watisiya. Azimayi anafika pakhomopo akulira, n'kupeza malemuwo akupopa njinga. Manyazi amene Martina anachita tsiku limenelo, akuwadziwa ndi iye yekha. Ndiye anaika lamulo m'makinamo: uthenga uliwonse wa m'chipinda cha maliro ubisike kaye mpaka tsiku limodzi, kuti iye mwini aimbe foni, atsimikize, avomereze, ndipo uthengawo uonekere kwa onse.

Atafotokoza zimenezi ku komiti ya bwalolo, onse anagwedeza mutu kupatula a Mahmudu, ogulitsa nsalu pa Nselema.

"Mwanawe," anatero a Mahmudu, "kwathu kwa Asilamu maliro sagona. Munthu akatisiya m'mawa, dzuwa lisanalowe tamuika."

"Ndamva, bambo. Ndikonza."

Analembadi pakapepala, koma kumva kwake kunathera m'khutu. Martina anakulira m'banja lachikatolika kwa Nsamala, ndipo mayi ake atamwalira anthu anagona pasiwa masiku atatu kudikira achimwene ake ochokera ku Joni. Kwa iye tsiku limodzi linali kanthu kochepa kwambiri. Kapepala kaja kanagwa pansi, kanapita ndi tsache.

Monga mwini makina, Martina ankaona aliyense wolowa ndi nthawi imene walowa. Panali dzina limodzi losaphonya: Sadiki. M'mawa uliwonse cha m'ma seveni ankalowa, n'kuwerenga za ku Nselema zokhazokha, n'kutsegula chipinda cha maliro, n'kutuluka. Kulemba ayi, ngakhale moni. Martina atafunsa, a Mahmudu anamuuza kuti ameneyo ndi mwana wa a Jimu, telala wa pa Nselema. Anakangana ndi bambo ake pa nkhani ya munda, anapita ku Lilongwe, anasintha nambala, ndipo zaka zisanu ndi chimodzi zinali zitatha osaponda kwawo. Mlongo wake Asiya anangomva kwa anthu kuti Sadikiyo amawerenga bwalolo.

Lamlungu lina Martina anapita kwawo kwa Nsamala, ndipo polowa m'tchalitchi anazimitsa foni. Misa inatalika, panali ubatizo. Atatuluka cha m'ma twelofu n'kuyatsa foni, inalira nthawi yomweyo.

"Ndine Asiya, wa ku Nselema. Achemwali, uthenga wanga sukuoneka."

"Uthenga uti?"

"Bambo atisiya mbandakucha. Ndalemba sikisi isanakwane kuti achimwene aone. Ndakhala ndikukuimbirani. Aika ikatha swala ya asiri, pemphero lija la cha m'ma folo."

Mawu a Asiya anali ophwa, a munthu amene walira mpaka kutopa. Martina anakhala pansi pa khonde la tchalitchi n'kutsegula bwalo pafoni. Uthenga unalipo, mizere itatu, ndi chizindikiro chachikasu chimene anachisankha yekha, cholembedwa kuti ukudikira chilolezo. Anavomereza. Kenako anayang'ana chimene ankaopa kuyang'ana. Sadiki analowa nthawi yake yomweija, seveni itangodutsa, anatsegula chipinda cha maliro, sanapezemo kanthu, anatuluka. Akadauona nthawi imeneyo, akadakwera basi ya m'mawa, n'kudutsa Balaka, n'kusintha pa Liwonde, n'kufika nthawi ilipo.

Mtima unamuwawa Martina kuposa mmene unawawira chiyambire ntchitoyi. Nambala ya Sadiki inali pamaso pake, imodzi mwa zija analonjeza kusunga. Sanaganize kawiri, anaimba.

"Ndani?" anafunsa mwamuna, makina osokera akumveka kumbuyo.

"Ndine Martina, wa Bwalo Lathu. Achimwene, nyamukani pompano mupite kumudzi. Bambo zawavuta."

Makina aja analeka.

"Musandinyengerere, achemwali. Aika nthawi yanji?"

"Ikatha asiri."

"Koma ndayang'ana m'mawa. Munalibe kanthu."

"Unalimo. Asiya analemba sikisi isanakwane. Ndinaubisa ndine, ndi lamulo limene ndinaika."

Sadiki sanatukwane, ndipo zimenezo n'zimene zinamupweteka Martina kwambiri. Anangoti, "Chabwino," n'kudula.

Martina anaimbira a Mahmudu n'kuwapempha kuti adikireko, ngakhale mpaka mawa m'mawa. A Mahmudu anamvetsera mpaka anamaliza, ndipo sanamukumbutse za tsiku la komiti lija.

"Tamusambitsa kale, tamuveka sanda, manda akumbidwa. Ndilankhula ndi ashehe, mwina tikokako pang'ono. Koma kumugoneka, iyayi. Malemu nayenso ali ndi ufulu wake, mwanawe."

Anakokadi, pafupifupi ola lathunthu, amuna ataima panja pa mzikiti akuyang'ana kumsewu. Minibasi ya Sadiki inachedwa kudzaza ku Lilongwe, ndipo jeneza, chithatha cha maliro, likunyamulidwa iye anali asanafike n'komwe pa Balaka. A Jimu anaikidwa dzuwa likupendeka.

Martina sanadikire nkhomaliro ya kwawo. Anakwera kabaza mpaka kumsewu, anabwerera ku Ulongwe, anatsegula laputopu. Lamulo lonse lija linali mizere inayi yokha. Anaifufuta. M'malo mwake anakonza kuti uthenga wa maliro uzioneka nthawi yomweyo, pamodzi ndi dzina la wolemba ndi mudzi wake, ndipo foni za anthu asanu a komiti zizilira kuti wina atsimikize uthengawo uli poyera kale. Wabodza akabwera, amuchotsa pambuyo. Anaona kuti kulirira munthu wamoyo n'kwamanyazi, inde, koma mawa lake anthu amaseka. Ntchito yonseyo inamutengera mphindi makumi awiri. Mphindi makumi awiri zokha, zimene akadazipeza tsiku lililonse m'miyezi inayi chilankhulire a Mahmudu.

Lolemba m'mawa anatsegula kachipinda kake molawirira. Amalume ake ankapanga zotsegula okala. Martina anakhala n'kumayang'ana mndandanda wa olowa. Seveni itangodutsa, dzina lija linatulukira.

Pansi pa uthenga wa Asiya panali mayankho ambiri, a ku Nselema, a ku Joni, ngakhale a kwa Nsamala, onse opepesa. Ndiye panabwera lina latsopano, ndipo silinadikire chilolezo cha munthu. Linali loyamba limene Sadiki analemba chilowere pabwalolo.

"Ndafika dzulo atatha kale. Ndili kumanda panopa. Kwathu mwana wamwamuna ndi amene amalowa m'dzenje kulandira bambo ake. Ndikufuna kudziwa amene analowa m'malo mwanga, ndikamuthokoze."

Martina anawerenga kawiri. Anaika zala pa laputopu kuti alembe chipepeso, koma anaona kuti funsolo silinali lake, ndipo anazichotsa.

Patapita mphindi zochepa a Mahmudu anayankha.

"Ndinalowa ndine, mwanangu. Ndinawagoneka bwino, nkhope kuyang'ana ku Maka monga mwa mwambo wathu. Pofika masana ankadziwa aliyense kuti uli m'njira."

Martina anatseka laputopu, anaweramira patebulo, ndipo analira ngati mmene analirira pa maliro a mayi ake.