Chitseko cha Kubafa kwa a Hedi

Chitseko cha kubafa chinayamba kukhula pansi mvula itangoyamba. Ukachikankha chinkalira ngati mbuzi yomangidwa pakhosi, n'kuima panjira, kusiya mpata woti wodutsa pakolido akupatse moni uli m'kati. A Hedi ndi akazi awo, amene anthu ankawatchabe a Madamu, anali atazolowera: wolowa ankaimba nyimbo, wodutsa ankayang'ana kudenga. Koma tsopano kunkabwera apongozi, mayi awo a Madamu, kudzakhala mpaka bondo lawo litapola. Ndipo mkamwini sangamve apongozi ake akuimba m'bafa, ulemu n'kukhalapobe.

"Achimwene ndi amene akuwabweretsa pagalimoto masanawa," anatero a Madamu akuchotsa makapu patebulo. "Ndiwaimbire atengeretu zida."

A Hedi anatsitsa nyuzipepala pang'onopang'ono.

"Muwaimbire ndani?"

"Achimwene. Ali ndi makina amagetsi aja."

Achimwenewo banja lonse linkawatcha a Ndinanena, chifukwa nkhani zawo zonse zinkathera pa mawu akuti "ine ndinanena". Anali ndi shopu ya zipangizo za galimoto, mimba yotsogola, ndi pakamwa posatseka ngati chitseko chomwecho. Kalekale anakonzapo mpopi wa msuweni wawo wina. Mpopiwo wakhala ukufika pamaliro alionse ndi paukwati ulionse kuyambira pamenepo, ndipo msuweniyo anasiya kubwera kumisonkhano ya banja. A Hedi anadziona m'maganizo atakhala pabenchi, abale atazungulira, alamu awo akuwayeseza mmene anaimira pambali atapinda manja pamene mwamuna weniweni ankakonza chitseko.

"Mayi, foniyo ikhale pomwepo. Ine ndayendetsa sukulu ya ana osamva ndi aphunzitsi oledzera. Thabwa lingandikanike?"

"Shelefu ija munanenanso choncho."

"Shelefu ija inali ndi khoma lolakwika."

"Chabwino. Koma akafika chisanatheke, ndiwauza."

A Hedi anapuma ntchito kale, koma uhedi supuma. Anavala ovolosi pamwamba pa malaya oyera, n'kusomeka pensulo kukhutu ngakhale sankadziwa kuti adzalemba nayo chiyani. M'sitolo anatulutsamo puleni yopalira matabwa, imene kale inali ya m'chipinda cha ukalipentala kusukulu kuja, koma tsiku lotsanzika inawatsatira yokha kunyumba. Anamasula zogwirira za chitseko, kachitsulo ka pakati kotembenuzira loko n'kukaponya m'thumba. Anamasula mahinjesi. Asanachinyamule anagwada n'kulemba mzere wa choko kumunsi, kuti asasokoneze mutu ndi miyendo. Pa izi anadziyamikira kwambiri. Ndi zinthu zazing'ono ngati zimenezi, anaganiza, zimene zimasiyanitsa munthu wophunzira ndi wogulitsa mabawuti.

Anachisenza, n'kugunda nacho khoma, n'kuchitembenuza kuti chidutse pakona, n'kuchitembenuzanso pakhomo la kukhitchini, mpaka anachifikitsa pakhonde lakuseri. Kenako anabwerera kukatenga mipando iwiri yodyera yoti achigonekepo.

Pobwera anapeza a Madamu akuchipukuta ndi kansalu konyowa.

"Mukufuna kuika fumbi lonseli pamipando yanga?"

Chitseko chinali mbee. Choko chinali chitapita. Chinali chitseko chosalala, chopanda maluwa, bowo la chogwirira lili pakati ndendende, mutu ndi miyendo zofanana ngati mapasa.

"Mwafufuta chizindikiro changa."

"Chiti? Ndiye simudziwanso kumunsi?"

Apa munthu wina akanabwerera nacho kukayeza pafelemu. Koma funsolo linafunsidwa ndi kamwano kakang'ono kumapeto, ndipo a Hedi sanayankhepo "sindikudziwa" chibadwire. Anachiyang'ana chitsekocho monga ankayang'anira anyamata awiri ogwidwa pafupi ndi windo losweka. Mbali ina inali ndi kachipsera. Inkaoneka yolakwa.

"Kumunsi ndi uku," anatero. "Chitseko changa ndimachidziwa."

Anapala. Zopalapala zinagwa zopotanapotana ngati tsitsi la mwana, fungo la thabwa n'kudzaza khonde. A Hedi anayamba kuliza kaluzu. Anachisenzanso, anachiimika mmene mahinjesi ankalozera, anamanga, anagwada n'kukankha maso ali pansi. Chinalira ngati mbuzi yomwe ija, n'kuima pamalo pomwe paja.

"Chatheka?" anafunsa a Madamu ali kukhitchini.

"Chikuyamba kumva."

Ulendo wachiwiri panalibe chovuta kudziwa kopala: mbali yopalidwa kale inali yoyera, yoonekera patali. Pa uhedi wawo wonse njira yawo inali yomweyi. Mwana amene anakwapulidwa dzulo ndiye wolakwa lero, apo ayi ndiye kuti dzulo munakwapula wosalakwa, chinthu chosatheka. Anapala mwaukali. Anabwezera. Anagwada. Mbuzi inalira.

Dzuwa litafika pamutu, ovolosi inali itanyowa kumsana ndipo kaluzu anali atatha. A Hedi anaona kuti puleni ikunyengerera. Pali ana ena ofunika kuwaitanira makolo, pali ena ofunika kungowachotsa sukulu. Anatenga sowo. Anadula chidutswa chonenepa bwino, n'kuwonjezera china cha chenjezo.

Atachimangirira anagwada m'kati mwa bafa n'kuchikankha. Chinalira. Chinaima pomwe paja, osasuntha ngakhale mpata wa chikhadabo.

A Hedi anakhala chogwada kwa kanthawi. Anaganiza za simenti, kuti mwina ikufufuma. Anaganiza za amene anamanga nyumbayo. Kenako msana unawakumbutsa zaka zawo, ndipo anadzuka atagwira sinki, n'kuwongoka, n'kukweza maso koyamba tsiku limenelo.

Pamwamba pa chitseko panali windo. Ankaona denga la kolido, babu, ndi ukonde wa kangaude umene sanauonepo. Pansi pa zonsezo panatulukira duku, kenako chipumi, kenako maso a akazi awo ataima chonyomphira pakampando.

Anayang'anana.

"Bambo," anatero a Madamu mofatsa kwambiri, "kodi chitsekochi mwachimeta?"

Nthawi yomweyo hutala inalira pageti. Inalira motalika, mwa munthu wofuna kuti oyandikana nawo adziwe kuti galimoto ndi yake.

Panali kulonjerana, kutsitsa zikwama, kuwagwira mkono apongozi kuti akwere masitepe ndi ndodo yawo. Apongoziwo anali mayi wamfupi wosataya mawu. Atangokhala pampando anati ulendo unali wautali ndipo tiyi wa m'mawa anali wambiri, ndiye awaonetse kobisika. Koma a Ndinanena anali ataona kale utuchi pamapewa pa alamu awo, ndipo mphuno yawo inkanunkhiza ntchito yolephereka ngati ntchentche.

"Alamu! Ovolosi? Kwagwanji, sukulu yatsegulanso?"

"Tikungokonzakonza tina n'tina."

"Tione, tione. Amayi, dikirani kaye pang'ono, ndione ngati n'kotetezeka."

Analowa pakolido mimba ili patsogolo. Ataima pa chitsekocho anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi, anayang'ananso kumwamba. Nkhope yawo inawala ngati ya munthu amene wapatsidwa mphatso yosayembekezera. A Hedi anaiona nkhaniyo ikubadwa m'maso mwawo, yathunthu, ndi manja ake oyesezera.

"Alamu, mpata uwu ndi wa chiyani? Mukuweta nkhunda?"

"Ndi wa mpweya," anatero a Hedi ndi mawu a pa asembule. "Nthunzi imakwera m'mwamba. Ndi sayansi."

"Sayansi! Achemwali, bwerani mudzamve sayansi! Nanga pansipa pakukhulabe bwanji?"

"Limenelo ndi gawo lachiwiri."

A Ndinanena anaseka mpaka kugwira khoma. Kenako analowa m'bafa, akukwinya manja a malaya.

"Vuto lanu anthu a choko n'loti mumaopa zinthu. Chitseko sichifuna sayansi. Chimafuna phewa. Taonani."

Anachigunda ndi thupi lonse. Mbuzi inalira kulira kwake komaliza, chitseko n'kulowa m'felemu, ndipo kalilime ka loko, kamene sikanagwire ntchito chiyambire mvula, kanati kwapa!

"Mwaona? Ine ndinanena!" anatero mawu a m'kati.

Kenako kunamveka dzanja likupapasa thabwa. Linapapasa kumanja, linapapasa kumanzere.

"Alamu, chogwirira chili kuti?"

"Ndinachotsa."

"Ndiye ndituluka bwanji?"

A Hedi analowetsa dzanja m'thumba la ovolosi. Kachitsulo kotembenuzira loko kanali momwemo, kofunda bwino. Anakagwira. Sanakatulutse.

"Pamafunika kachitsulo kenakake," anatero. "Ndikukumbuka kuti ndinakaona."

Pa windo latsopano lija panatulukira zala zonenepa, kenako dazi, kenako maso. A Ndinanena anali atakwera pandowa.

"Kafuneni msanga. Muno mukutentha."

"Sizingatheke. Mpweya ukulowa."

A Madamu anabwera, anaona maso a achimwene awo pamwamba pa chitseko, anatseka pakamwa ndi duku n'kubwerera kukhitchini, kumene kunamveka ngati munthu watsamwa. Kuchipinda chochezera ndodo inagogoda pansi.

"Kodi kumeneko mukuchita msonkhano?"

"Tikubwera, amayi!" anayankha amuna awiriwo pamodzi.

A Hedi anasendera pafupi n'kutsitsa mawu.

"Alamu, ndikuganiza za ukwati wa mwezi wamawa uja. Abale adzafuna nkhani. Ndikuona ziwiri. Ina ndi ya munthu amene anapala chitseko kumutu. N'njosekesa ndithu. Ina ndi ya mwini makina amagetsi amene anadzitsekera yekha m'chimbudzi cha eni, n'kukwera pandowa, mayi ake omubereka akuvutika panja. Sindikudziwa imene anthu angaikonde."

Maso aja anaphethira.

"Ndowayi ikuphwanyika, alamu."

"Ndi yakale. Ndiye mwati iti?"

"Ine chitseko sindinachione."

"Mpata wa pamwambawu?"

"Ndi wa mpweya."

"Chifukwa?"

Ndowa inalira.

"Nthunzi imakwera m'mwamba," anatero a Ndinanena ndi mawu a mwana wobwereza kalasi.

"Mwakhoza. Taonani mwayi, kachitsulo kaja kali m'thumba."

Anakalowetsa pabowo, anakapotokola ndi pulayala, kalilime n'kubwerera. Koma chitseko sichinasunthe. Phewa la a Ndinanena linali litachikhomerera pasimenti ngati chikhomo. A Hedi anakankha, chinakana. Anagunda ndi phewa lawo la choko, phewalo ndi limene linamva.

Ndodo inamveka ikubwera pakolido, go, go, go. Apongozi anaima n'kuyang'ana mkamwini wawo, kenako dazi la mwana wawo.

"Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero. "Koma ine bondo. Iwe, tsika pandowa yosambirayo, ugwire pamwambapo unyamule. Inu bambo, kankhani. Mukachedwa, manyazi akhala a tonse."

A Ndinanena anakoleka zala pampata uja n'kukoka chokweza. A Hedi anakankha. Chitseko chinatseguka mwadzidzidzi, alamu awiriwo n'kukumbatirana pakati pa sinki ndi ndowa, koyamba chikwatirane a Hedi ndi a Madamu.

"Mwaona ntchito ya mpatawo?" anatero a Hedi akupuma mwawefuwefu. "Pakanapanda pamenepo mukanagwira pati?"

"Tulukani," anatero apongozi. "Ndipo mupite kutali, chifukwa ine sindiimba."

Madzulo ake amuna awiriwo anachigoneka chitseko pamipando ija n'kupala kumunsi kwenikweni, atafunsa kaye a Madamu kuti aloze ndi chala. Chinatseka bwinobwino, mopanda phokoso. Pampata wa pamwamba a Madamu anakhomapo kansalu ka maluwa.

Paukwati uja a Ndinanena anasunga pangano. Msuweni wa mpopi uja, amene anabwera atamva mphekesera, anawafunsa za chitseko, iwo n'kunena kuti ndi kamangidwe kamakono ndipo akuganiza zodula chawo. A Hedi anavomereza ndi mutu, mwaulemu wa akatswiri awiri.

Chimene onse anaiwala n'choti pangano linali la anthu awiri, pamene mboni zinali zinayi. Kutsidya kwa tenti, apongozi anali atazunguliridwa ndi amayi, bondo litapola, ataimirira popanda ndodo, akuonetsa mmene munthu wonenepa amakwerera pandowa. A Hedi anatchera khutu. Dzina lawo linamveka kamodzi kokha, koyambirira, mwachidule. Nkhani yonse yotsalayo inali ya dazi.

Anadzithirira fanta wina, n'kuwathiriranso alamu awo.