Kanyumba ka pa khobidi

Amisiri pokumba maziko a khitchini yatsopano anafukula kachitini kowola, m'kati muli makobidi atatu amkuwa atakutidwa ndi dothi komanso dzimbiri lobiriwira ngati ndere. Amayi atangowaona anati ndi awo. Anati pa limodzi mwa atatuwo malemu amuna awo anajambulapo kanyumba ndi msomali tsiku lomwe anawafunsira, powalonjeza kuti adzawamangira yeniyeni.

Koma masiku amenewo amayi anali atayamba kuiwala pomwe aika magalasi awo, ndiye ana anangoyang'anana. Wamkulu, mayi wa mapoto owala ngati kalilole, anayamba kunong'oneza abale kuti mutu wa amayi wayamba kusokonekera, ndi bwino achoke m'nyumba mwawomo akakhale kwa iye.

Mlongo wake, wokonza mawotchi, anafika mochedwa. Anapeza achemwali ake ali khale kuseri kwa nyumba ndi phulusa, ndimu ndi waya wokwechera mapoto. Makobidi awiri anali atatha kale, ofiira psuu, osalala moti ngakhale chaka chake sichinkawerengeka bwino.

"Mwaona, achimwene? Kanyumba kali kuti apa?"

"Mmene mwakwecheramu, achemwali, ngakhale tchalitchi chikanafufutika."

Anatola lachitatulo n'kulikulunga m'kampango. Mtima unali m'mwamba, poti ngati kanyumbako kanali pa awiri aja, ndiye kuti kanapita ndi phulusa, ndipo amayi analibenso mboni. Anapempha achemwali ake kuti za kusamutsa amayi ziyambe zaima mwezi umodzi. Iwo anavomera monyinyirika.

Kuntchito kwake, pa tebulo lodzaza tizitsulo, analiviika m'kabotolo ka madzi amvula, namasintha madziwo m'mawa uliwonse. Dothi linayamba kugwa lokha. Patatha sabata analiumitsa pongoligunditsa pa kansalu kofewa, osapukuta, kenako n'kuliika m'mafuta a makina osokera. Tsiku lililonse ankalivuula, n'kuika kagalasi kake pa diso, n'kumatokosa pang'onopang'ono ndi kamtengo ka machesi kosongola. Chitsulo sankalola kuti chilikhudze. Pomwe pakana ankapasiya, n'kulibwezera m'mafuta.

Obwera ndi mawotchi awo ankamuseka kuti akufungatira dzira. Achemwali ake akamadutsa popita kumsika ankasuzumira pa windo n'kufunsa ngati khandalo layamba kukwawa. Iye ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mbali yoyamba inayera, panalibe kanthu. Analitembenuza.

Sabata yachitatu kachikhungwa kobiriwira kananyamuka m'mphepete, pansi pake panatuluka kamzere kowongoka. Mawa lake kanakumana ndi kena, n'kupanga denga. Analekera pomwepo. Khobidilo analisiya lili lodera momwemo, poti ankadziwa kuti mtundu umenewo ndi khungu lake, ukalisenda wapweteka mwini.

Anatseka shopu dzuwa lili pamutu. Anapeza amayi ali pakhonde, achemwali ake atayamba kale kuwapindira zovala zoti asamuke nazo. Anangoika khobidi m'dzanja mwa amayi, kagalasi n'kupatsa achemwali akewo.

Achemwaliwo anayang'ana, napukuta kagalasiko pa malaya, nayang'ananso. Kanyumba kanali pomwepo, denga, makoma awiri ndi kachitseko.

"Chitsekochi n'chopendekeka," anatero pomaliza, mawu atatsika.

"Chenichenicho sichopendekeka kodi?" amayi anayankha akuloza ndi chibwano chitseko cha nyumba yawo, chomwe chinkakhula pansi kuyambira ana asanabadwe. "Bambo anu dzanja lawo linali lomwelo. Ndani uja amati mutu wanga wasokonekera?"

Achemwali aja anaseka mpaka misozi, nanyamula zovala zija kukazibwezera m'kabati ya amayi. Wokonza mawotchi anakhala pansi pakhondepo, nawafuulira kuti kabatiyo asaikweche.