Mayadi Makumi Awiri Kumbuyo kwa Eustace

M'zaka za Chitaganya, timu ya mpira ya ku Nyimba inali isanagonjetsepo amesenjala a pa Boma la Petauke. Vuto linali Eustace, chimphona chotchinga kumbuyo kwa amesenjala. Aliyense wofuna kumudutsa ndi mpira ankadzuka akulavula fumbi.

Wilbroad Njobvu, mphunzitsi wa masamu ku Nyimba, ankayenda ndi ndodo, ndipo mpira anali asanaumenyepo chibadwire. Komabe mu 1958 anakwera lole katatu kukaonerera amesenjalawo, wotchi m'manja, kope pabondo. Atabwerako anauza osewera a kwawo kuti athamange mmodzimmodzi, iye akuyang'ana wotchi, kenako anaitana Fabian, kaputeni wa timu.

"Eustace akatopa, pamene iye wathamanga mayadi awili, Cosmas wathu amathamanga atatu," anatero Wilbroad. "Cosmas aime mayadi khumi patsogolo pake. Iwe ponya mpila m'mwamba, ukagwe kupitilila mayadi makumi awili kumbuyo kwa Eustace. Cosmas adzayamba kufika."

"Aphunzitsi, ndiye tizingotaya mpila kumene kulibe munthu?"

"Munthuyo adzafika. Koma dikilani chigawo chachiwili."

Tsiku la masewero, pa bwalo la Petauke, amesenjala anagoletsa chimodzi dzuwa likadali pamutu. Popuma, Fabian sanafune n'komwe kuyang'ana mphunzitsiyo. Wilbroad anangoona kope likunyowa ndi thukuta la m'manja mwake.

Atayambiranso, Fabian anaponya mpira, koma unaperewera, Eustace n'kuubweza ndi mutu. Anthu anaseka.

"Patali, Fabian! Patali!" anakuwa Wilbroad.

Wachiwiri unapita ngati wotayika, n'kukagwa pa udzu wopanda munthu. Eustace anatembenuka mwaulesi, Cosmas n'kumudutsa ngati mphepo. Goloboyi asanaganize zotuluka, mpira unali utalowa kale. Posakhalitsa anabwerezanso chimodzimodzi, kenako kachitatu, Eustace atagwira m'chiuno, akupumira m'mwamba.

Wezulo yomaliza itaombedwa, anyamata a ku Nyimba anamunyamula Wilbroad pamapewa, ndodo n'kugwa, iye akukuwa kuti amutsitse kwinaku akuseka mpaka misozi.

A ku Nyimba akukwera lole, Eustace anabwera, nsapato zili m'manja.

"A Njobvu, akuti mwandigonjetsa ndi pensulo. N'zoona?"

"Ndi miyendo ya Cosmas, bambo. Ine ndinangowelenga."

Eustace anapukusa mutu, namugwira chanza ndi manja awiri. Njira yonse ya ku Nyimba anyamata anaimba mpaka mawu kusasa, ndipo anthu a m'midzi ya m'mbali mwa msewu ankatuluka kudzafunsa ngati kuli ukwati.