Manja a Wokonza Mawotchi

Mu shopu ya wokonza mawotchi nthawi sinkagwirizana. Wotchi ina yapakhoma ikati ndi naini, inzake inali kale pa hafu teni, ina itaima pa thwelofu ya dzana, ndipo zoyendazo zinkagunda pamodzi ngati mvula yamawawa padenga. Mwana wamkazi wa mwini shopuyo anakulira m'phokoso limenelo. Anthu ankamutcha Kamtambo, chifukwa ali wamng'ono ukamutuma madzi ankaima panjira n'kumayang'ana kumwamba, kapu ili m'manja, mpaka ludzu la womutumayo litatha lokha. Tsopano anali mayi wamkulu ndithu, koma dzinalo linamukanirira. Ntchito yake inali kulandira makasitomala, kusintha mabatire ndi malamba, ndi kupukuta magalasi. Zam'kati mwa wotchi ankazidziwa, bambo ake anamuphunzitsa kalekale, koma tebulo la pazenera, pamene ankatsegulirapo mawotchi, linali la bambowo okha.

Nkhani ya vidiyo inabwera ndi mlamu wake, mwamuna wa mkulu wake, munthu wa makompyuta komanso wa pakamwa. Ndiye anawapangira webusaiti ya shopuyo, ndipo tsiku lina anati webusaiti yopanda vidiyo ili ngati shopu yotseka makatani, anthu amangodutsa. Analemba mayina a mapulogalamu atatu okonzera mavidiyo kuseri kwa envelopu, n'kumusiyira Kamtambo laputopu yakale.

"Musankhepo nokha, alamu. Koma mukafunsa ine, yoyambayo ndiye ya anthu odziwa zinthu. Yachitatuyo ndangolembapo kuti pepala lidzaze."

Kwa masiku atatu, m'mawa uliwonse dzuwa likangolowa pazenera, Kamtambo ankatsamiritsa foni yake pa kachitini ka timasikuluwu n'kumajambula bambo ake akugwira ntchito. Bambowo sanakane, sanavomerenso. Anangoti foniyo isawatchinge kuwala.

Masana a tsiku lachinayi, makasitomala atachepa, bambowo ali m'tulo pampando wawo wa pakona, Kamtambo anatsegula pulogalamu yoyamba. Pasikirini panadzaza timazenera, timizere ndi mabatani osawerengeka, ngati walowa m'chipinda cha woyendetsa ndege mwini wake atachokapo. Anadina pena, chithunzi cha bambo ake chinasanduka chobiriwira. Anadina penanso, chinasowa. Laputopu inayamba kupuma mwabefu, kutentha ngati simbi, kenako inangoima njii. Kamtambo anakhala akuyang'ana kampira kamene kankazungulira pakati pa sikirini, ndipo maganizo ake anazungulira nako, mpaka anadzidzimuka wotchi ya mbalame itaimba. Anaichotsa pulogalamuyo popanda kuikwiyira. Inali ya anthu ena.

Yachiwiri inali yochezeka mopitirira. Usanaipemphe inali itasankha kale nyimbo, itaika zilembo zodumphadumpha ndi tinyenyezi togwa kuchokera kumwamba. Bambo ake, munthu amene ankatha ola lathunthu osatukula mutu, anaoneka ngati akuthamangitsidwa. Pamapeto pake pulogalamuyo inadinda dzina lake pachipumi pawo penipeni, ndipo chidindocho sichinkachoka. Kamtambo anaseka chamumtima poganiza zimene bambowo akadanena atadziona atalembedwa pamphumi ngati katoni ya sopo.

Yachitatu, ya kudzazira pepala ija, inatseguka mwakachetechete. Inali ndi zenera limodzi loonera, mzere umodzi pansi poikapo mavidiyo, ndi tizithunzi tochepa tosachita kufunsa: sizasi yodulira, chilembo cholembera mawu, kabelu ka nyimbo. Anakoka vidiyo imodzi n'kuiika pamzerepo, inakhala. Anadula, inaduka. Analakwitsa, kamuvi kokhota kanamubwezera pamene anali. Mtima wake unakhala pansi ngati wa munthu amene wapeza nsapato yomukwana.

Chakumanja kunali kachithunzi ka nkhono. Anakadina pongofuna kuona.

Zonse zinayamba kuyenda pang'onopang'ono. Fumbi la m'kuwala kwa pazenera, limene ankalimbana nalo tsiku ndi tsiku ndi kansalu, linkayandama ngati tinsomba tagolide m'madzi odikha. Kagudumu ka mumtima mwa wotchi, kamene maso sakaona bwino chifukwa cha liwiro, kankapita uku n'kubwerera uku ngati chifuwa cha mwana wogona. Kugunda kwa mawotchi kunatalikirana, kunazama, kunakhala ngati mapazi a munthu wamkulu akuyenda m'chipinda chapamwamba. Kamtambo anagwira chibwano. Anaona ngati shopu yonse yamira pansi pa dziwe, iye ndi bambo ake ndi mashelefu omwe, ndipo kumeneko kunalibe wofulumira. Anaonera vidiyo ina, inanso, osadziwa kuti mthunzi wa chitseko wafika kale pakauntala.

Pa vidiyo yachisanu ndi chiwiri panaoneka dzanja la bambo ake litagwira kachitsulo kopanira tinthu ting'onoting'ono, likutsitsa kasikuluwu kochepa ngati njere ya mchenga. Lisanafike, dzanjalo linayamba kunjenjemera. Pa liwiro la masiku onse sukanaona kanthu, koma apa linkagwedezeka poyera ngati tsamba pamphepo. Kenako dzanja lamanzere linabwera mwakachetechete, n'kugwira mkono wa linzake, n'kuukanikizira m'mphepete mwa tebulo mpaka utadekha. Kasikuluwu kanalowa. Bambowo anaponya diso kukauntala, kumene Kamtambo ankakhala, n'kubwezanso maso pantchito.

Kamtambo anabwezera vidiyoyo kumayambiriro katatu. Zinthu zimene ankaziona osaziganizira zinayamba kubwera chimodzichimodzi. Bambo ake anali atayamba kumwa tiyi atagwira kapu ndi manja awiri. Malaya a mabatani ang'onoang'ono anali atawasiya. Ndipo miyezi imeneyi ankakonda kumuitana kuti abwere alowetse kasipuling'i aone ngati akukumbukira, iye n'kumayesa akumuyesa nzeru.

Pafupi ndi nkhono panali batani lina, lolembedwa kuti limaletsa chithunzi kugwedezeka. Analidina. Makoma anapindika pang'ono ngati akuwaonera m'madzi, tebulo linakhazikika, koma dzanja linanjenjemerabe. Batanilo linkachiza kugwedezeka kwa wojambula, osati kwa wojambulidwa. Ndiye anatenga sizasi ija. Anadula pamene dzanja lanjenjemera, anadulanso pena, anadulanso, mpaka pamzere panatsala mawotchi apakhoma, fumbi ndi zenera. Vidiyo inali yokongola, koma munalibe munthu.

"Nanga ine wandiika kuti?"

Bambo ake anali ataima kumbuyo kwake, kagalasi kokulitsira kali pachipumi. Kamtambo sanadziwe kuti adzuka nthawi yanji. Anayamba kufotokoza za mapulogalamu atatu aja, kuti yoyamba ndi yolemera, yachiwiri ndi yaphokoso. Bambowo anakoka mpando n'kumuuza kuti abwezeretse zimene wadula, aziyendetse pang'onopang'ono monga anachitira muja. Kamuvi kokhota kanabweza zonse.

Anaonera limodzi. Dzanja lamanzere litabwera kudzagwira linzake, bambowo anapumira m'mwamba.

"Kani zimaoneka chonchi," anatero. "Ine ndimayesa ndikubisa bwino."

"Bwanji simunandiuze, bambo?"

Anayankha akuyang'ana pasikirini. Anati zinayamba chaka chatha, poyamba chala chimodzi chokha. Ankati zitha, kenako ankati anena mawa. Chimene ankaopa si matenda ayi, koma tsiku limene munthu adzabwere ndi wotchi ya malemu amayi ake n'kuona manja amene akuilandira, n'kuibweza m'thumba mwaulemu. Kamtambo anati Lolemba apita limodzi kuchipatala, ndipo sanayankhule ngati akupempha. Bambowo anamuyang'ana ngati akuona munthu wachilendo, kenako anagwedeza mutu kuvomera.

Kenako bambowo analoza batani loletsa kugwedezeka lija n'kufunsa ntchito yake. Atamva, anaseka pang'ono, anavula kagalasi pachipumi n'kumuveka mwana wawo.

"Mawa ukhale pazenera ndiwe. Foniyo undipatse ine. Makinawa akuti amadziwa kuchiza wojambula, tiwaone."

M'mawa mwake Kamtambo anakhala patebulo la pazenera koyamba m'moyo wake. Mpando unali utatengera thupi la bambo ake, ndipo kuwala kunkagwera pamanja ndendende, mofunda. Anatsegula wotchi yam'thumba ya mphunzitsi wina wopuma ntchito. Poyamba zala zake zinauma, koma atayang'ana m'kagalasi dziko lonse linachepa n'kukhala timagudumu tamkuwa ndi timiyala tofiira, ndipo kwa munthu amene anthu ankati maganizo ake sakhala pamodzi, apa anakhala. Bambo ake ankazungulira tebulo foni ili m'manja awiri, akupumira m'khutu mwake.

Vidiyo imene bambowo anajambula inkagwedezeka ngati yojambulira pangolo. Kamtambo anadina batani lija, anadikira kamzere kobiriwira kadzaze, ndipo chithunzi chinadekha n'kumangoyendayenda pang'ono ngati bwato lomangirira. Anadula, analumikiza, analemba maola otsegulira shopu m'munsi. Koyambirira anasiyako masekondi asanu a manja a bambo ake akutsegula chivindikiro cha wotchi, chifukwa eni ake anati asawachotse onse, anthu adziwe kuti analipo. Nyimbo sanaikemo. Munkangomveka mawotchi, ndi mawu a munthu wosaoneka akunong'ona kuti pang'onopang'ono, usakanikize, eya, pamenepo.

Loweruka mlamu wake anabwera kudzaika vidiyoyo pa webusaiti. Atamva pulogalamu imene yasankhidwa anagwira kumutu, nati wawapatsa galimoto iwo asankha wilibala. Kamtambo anati wilibalayo yafikitsa katundu, galimoto ija inakana kulira, ndipo akaifuna akaitenge ikadali pamene inafera. Mlamuyo anaonera vidiyoyo kamodzi akuyankhula, kachiwiri ali chete. Atamaliza anayang'ana apongozi ake, anayang'ana manja awo. Anangofunsa ngati Lolemba angadzawatenge pagalimoto.

Bambowo anakana, anati akwera basi. Lolemba m'basimo anakhala pampando wa kuzenera, foni ya mwana wawo ili m'manja, akujambula mitengo, mawaya amagetsi ndi mayi wina woyanika zovala pakhonde la nyumba yosanja. Kamtambo anawakumbutsa kawiri kuti atsikira pa siteji yotsatira. Iwo anati amva, koma adikire kaye, pali njiwa zikuuluka pamwamba pa denga la chipatala ndipo akufuna azipeze zonse.