Manesi Anawoloka Mlatho Usanapite

Aroni ndi mkazi wake Manesi atafika pa mtsinje wa Kaphande pochokera ku sikelo, anapeza mlatho wamira. M'mawa anadutsa pomwepo miyala ikuoneka, ana akusaka nkhanu. Kumudzi kwawo, chakuno kwa Kasakula, sikunagwe ngakhale dontho. Mvula inagwa kumtunda, kumapiri, ndipo madzi ake ofiira anatsika atasenza nthambi ndi mapesi.

Manesi anali woyembekezera, mimba itakula ndithu. Mwana wawo woyamba, Lenia, anabadwa pa opareshoni, ndipo m'mawa womwewo anamwino anali atamuuza kuti ulendo uno asayerekeze kuchirira kunyumba. Anakhala pamwala n'kumayang'ana madziwo.

"Bambo a Lenia," anatero motsitsa mawu, "madziwa akanadzaza chonchi tsiku langa litakwana, mukanatani?"

Aroni anatulutsa foni yake ya tachi, imene anagula atagulitsa fodya chaka chatha, kuti aimbire apongozi ake amene anatsala ndi Lenia. Foni inali yozima. Batire inali itathera pa mavidiyo a mpira pamene ankadikira panja pa chipatala.

"Tengani yangayi muimbe," anatero munthu kumbuyo kwawo.

Anali mayi Faines Chingwalu, mlangizi wa zaumoyo wa dera lawo. Anali atakhala pansi pa mtengo wa mkuyu, njinga yawo itatsamira patsinde, bokosi la katemera lili pamthunzi. Sankaoneka ngati munthu amene madzi amudzidzimutsa.

"Uthenga unabwera m'mawa kuti kumtunda yayamba yamphamvu," anafotokoza. "Amayi ena amene amafuna kuwoloka ndinawaimbira kuti adikire mawa. Yanunso ndinayesa, a Aroni, koma simumapezeka. Musade nkhawa. Anzathu akumtunda alemba kuti yakata. Madziwa aphwa dzuwa lisanalowe."

Zinachitikadi choncho. Madzi ataphwa, mayi Chingwalu anayamba iwo kuponda pamlatho kuyesa mitengo, kenaka anabwerera kudzagwira Manesi dzanja. Aroni, akukankha njinga yake ndi ya mayiwo pambuyo, ankangodzifunsa kuti munthu angadziwe bwanji za mvula imene sakuiona.

Loweruka mayi Chingwalu anafika kwawo. Anapeza Aroni akukonza chigafa cha fodya. Atamwa thobwa pakhonde, anapempha foni ija.

"Foni yabwinotu iyi," anatero akuitembenuza. "Ikuposa yanga. Koma mwaipatsa ntchito imodzi yokha."

Anayamba ndi kumulowetsa m'gulu la pa Watsapu la komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'deralo. M'gulumo munali aphunzitsi, alangizi, akuluampingo ndi alimi a m'midzi ya kumtunda ndi kumunsi komwe. Uthenga wochokera ku nthambi yoona za nyengo unkaikidwa m'menemo m'Chichewa, ndipo wa kumtunda akaona mtsinje ukudzaza ankauza a kumunsi madzi asanawafike.

Kenaka anamusungitsa nambala ya ku chipatala, ya mkulu wa komiti, ndi ya Kalebe, bambo wa kabaza wa njinga yamoto amene sankakana odwala.

"Lembani maina oti aliyense awadziwe," anatero. "Apa ikani kuti 'Chipatala', osati dzina la namwino. Tsiku lina wodwala adzakhala inuyo, foni ili m'manja mwa akazi anu."

Anaitana Manesi kuti nayenso ayesere kutsekula foniyo ndi kuimba. Manesi anaseka mwamanyazi, akuti zala zake n'zozolowera kafoni ka mabatani. Mayi Chingwalu sanafulumire. Anamubwereza mpaka anaimba yekha ku foni yawo, ikulira m'chikwama pomwepo.

Anawajambulitsa ziphaso zawo ndi kabuku ka ku sikelo, kuti mapepala akanyowa zithunzi zitsale. Anaonetsa Aroni mmene angachepetsere kuwala kwa foni kuti batire ikhalitse, ndi mmene angatumizire chizindikiro cha malo amene ali kwa munthu wosadziwa njira. Ataona kasola kakang'ono ka nyali padenga, anamuuza kuti dzuwa likangowala nyengo ya dzinja, foni izikhala yoyamba kutchajidwa.

"Mpira oonerani, sindikukuletsani," anatero akunyamuka. "Koma batire ikafika pakati, lekani. Yotsalayo ndi ya banja. Bandulonso musamalize yonse. Ndipo foni iziyenda m'kajumbo, mvula siiona kuti iyi ndi yodula."

Patapita masabata angapo, Aroni analandira uthenga wa mawu kuchokera kwa msuweni wake wa ku Lilongwe. Munthu wosadziwika ankafuula kuti mawa kubwera chivomerezi chogumula mapiri, aliyense athawe. Aroni anautumiza ku gulu lija nthawi yomweyo. Foni yake inalira posakhalitsa.

"A Aroni, wolankhulayu ndani?" anafunsa mayi Chingwalu.

"Sindikumudziwa, mayi."

"Watchula ofesi imene yamutuma? Watchula boma lathu, kapena tsiku?"

"Ayi."

"Ndiye ufufuteni, anthu asagone kutchire pachabe. Uthenga woona umanena kumene wachokera, dera lake ndi masiku ake, ndipo pa wailesi mumvanso zomwezo. Mukakayika, funsani kaye musanatumize."

Sanamukalipire, ndipo pagulu sanamutchule dzina. Anangolemba kuti uthengawo ndi wabodza, anthu apitirize ntchito zawo. Aroni anachita manyazi, koma ulemu wake pa mayiwo unakula.

Uthenga weniweni unabwera mwezi wa Febuluwale, tsiku limene kunja kunacha bwino. Aroni anali m'munda akuthyola fodya pamene foni inanjenjemera m'thumba. A zanyengo ankachenjeza kuti maboma a Ntchisi ndi Dowa alandira mvula yamphamvu kwa masiku angapo kuyambira mawa lake, ndipo mitsinje ikhoza kusefukira. Anawerenga kawiri. Anayang'ana masamba akupsa amene ankafunika kuthyoledwa tsiku lomwelo, kenaka anawasiya n'kupita kunyumba.

"Mayi a Lenia, longedzani. Lero mupite ku chidikiro."

Chidikiro ndi nyumba ya pa chipatala imene amayi oyembekezera amakhalamo podikira tsiku lawo. Manesi sanaikonde nkhaniyo.

"Masiku anga akadalipo, anamwino ananena okha. Kumene kuja anthu amagona mothithikana. Nanga Lenia? Nanga fodyayu musoka ndi ndani? Taonani kumwambaku, kulibe ndi kamtambo komwe. Amayi andiseka kuti ndathawa dzuwa." Anapukuta manja pachitenje. "Si uthenga wonga wa chivomerezi uja umenewu?"

"Uwu wanena kumene wachokera. Pa wailesi anenanso."

Manesi atapitiriza kukana, Aroni anaimbira mayi Chingwalu n'kukweza mawu a foni kuti amve onse.

"Manesi, mwana wanga, sindikunamiza," anatero mayiwo. "Sindingalumbire kuti igwa pamudzi panu. A zanyengo nthawi zina amaphonya. Ukapita mvula n'kulephera, ukhala utagona pamphasa ya eni masiku ochepa, basi. Koma ukatsala mlatho n'kupita, ndi chilonda cha opareshoni chimene uli nachocho, ine ndilibe chimene ndingakuchitire tsidya lino. Sankha wekha."

Manesi analowa m'nyumba n'kuyamba kupinda zitenje.

Kalebe anabwera ndi njinga yake dzuwa lili pamutu. Anatenga Manesi kaye, akuyendetsa pang'onopang'ono m'mabampu, n'kubwereranso kudzatenga Fanny, mng'ono wake wa Manesi, amene anapita kukamudikirira atanyamula ufa, nkhuni ndi kafoni ka mabatani. Anthu ena pachitsime anaseka. Aroni anabwerera kumunda, foni ataisiya pa sola.

Mvula inayamba mawa lake masana, ndipo sinakate. Inagwa tsiku limenelo, lotsatira ndi linzakenso. Mapiri anabisika. Mlimi wina wa kumtunda analemba pagulu kuti Kaphande watuluka m'njira yake, ndipo mphunzitsi wamkulu anabweza ana onse a tsidya lino asanafike kumtsinje. Madzulo a tsiku lomwelo wina anatumiza chithunzi: pamene panali mlatho panatsala zipilala zokha.

Khoma la nyumba ya a Yeremiya, bambo wachikulire woyandikana nawo, linagwa mbali imodzi. Aroni anawatengera kwake, anajambula nyumbayo n'kutumiza chithunzi ndi malo ake kwa mkulu wa komiti, monga anaphunzirira. Mayi Chingwalu ankayenda khomo ndi khomo atavala jombo, akugawa mankhwala othira m'madzi akumwa, chifukwa zimbudzi zambiri zinali zitagumuka. Pa khomo lililonse ankafunsa ngati pali wodwala, ndi ngati foni ili ndi moto.

M'mawa wina, mvula ikadali kuwaza, Fanny anaimba. Mawu ankaduka. Aroni anathamangira pa chulu cha kuseri kwa chigafa pamene netiweki imagwira bwino.

"Alamu, matenda ayamba. Anamwino akuti mwana sanagone bwino m'mimbamo. Aitana ambulansi, tikupita ku chipatala cha boma."

Aroni anatsala pachulupo, foni ili m'kajumbo m'manja mwake. Kuchokera pamenepo ankauona mtsinje, wotambalala ngati dambo, ukukokolola nthochi za anthu. Anaganiza za Manesi ali tsidya lino, pa machira, amuna ataima m'mphepete mwa madzi opanda powolokera. Anakhala pansi m'matope momwemo n'kupemphera.

Sanaimbire aliyense, kuopa kutha batire. Apongozi ake anabwera n'kuima chapatali ndi Lenia, atafunda thumba la feteleza kumutu.

Foni inalira dzuwa litapendeka.

"Alamu, tamverani," anatero Fanny.

Aroni anamva kulira kwa khanda, kwaukali, kosalekeza.

"Wamwamuna. Achemwali atuluka ku opareshoni, adzuka, akupempha madzi. Adokotala akuti tikanachedwa zikanavuta."

Aroni anakweza mawu a foni n'kuitambasulira kwa apongozi ake. Mayiwo anamvetsera, analulutira kamodzi, kenaka anaphimba nkhope ndi chitenje.

Madzi ataphwa, anthu a midzi iwiri anadula mitengo ya bulugamu n'kuyala powolokera pongoyembekezera. Manesi anabwera kunyumba ndi mwana, amene anamutcha Lonjezo. Fodya wina anali ataolera m'munda, ndipo Aroni anadandaula naye ndithu, koma osati kwa nthawi yaitali. A komiti anabweretsa pulasitiki ndi zofunda kwa a Yeremiya, popeza dzina lawo linafika msanga.

Lachinayi lina, mapemphero a mlaga atatha, abambo ndi amayi sanabalalike. Anazungulira Aroni ndi mafoni awo, ena a tachi, ena a mabatani, kufuna kuti awalowetse m'gulu ndi kuwasungira manambala. Amene analibe foni anagwirizana ndi oyandikana nawo kuti uthenga ukabwera azigogodana. Aroni anawauza kuti zonsezo anaphunzira kwa mayi Chingwalu, ndipo anawapempha kuti alankhule okha.

Mayiwo anaimirira, anakonza mpango wawo, n'kunena mwachidule.

"Abale anga, mvula ndi mphepo sitingaziletse. Koma masiku ano zambiri zimadziwika zisanafike. Foni yanu izikhala ndi moto, izikhala ndi manambala a chipatala ndi a komiti, ndipo aliyense m'nyumba adziwe kuigwiritsa ntchito. Uthenga mukaulandira, onani kumene wachokera. Ukakhala woona, nyamukani kukadali kowala, musadikire kuti muone madzi ndi maso. Banja la a Aroni linamva, linanyamuka, ndipo lero mayi ndi mwana ali pakati pathu pano."

Manesi, amene anakhala pamphasa kutsogolo, anavundukula Lonjezo pang'ono kuti anthu amuone. Mwanayo anali m'tulo.