Nthambi za Tsanya

"Mitengo yanuyi yatambalala mopitirira, Dona Dalva," anatero Valdemar, mkulu wa kampani, akumukankhira kompyuta. "Ichepetseniko."

Dalva sanakhale pansi. Dzuwa la nyengo yonseyo linamuthera pamutu m'tchire kuseri kwa Moatize, akuzunguliza chingwe choyezera pa thunthu la tsanya aliyense, kenako n'kuyeza pomwe nthambi zake zalekezera. Pamiyezo imeneyo anapanga masamu oti munthu akangoyeza thunthu, adziwiretu kutambalala kwa nthambi. Masamuwo anaonetsa kuti nthambi zaphimba malo aakulu. Ndiye kuti inali nkhalango, ndipo malinga ndi mgwirizano wa boma ndi eni mgodi, msewu wa magalimoto a malasha unayenera kuilambalala.

"Ndichepetse bwanji, shefi? Ndi nkhwangwa?"

"Musachite nthabwala. Alipo masamu okonzakonza a mitengo ya bulugamu. Mukaika amenewo, malo aja aoneka ngati tchire wamba, eni mgodi adutsa."

Dalva anaseka. Iye anakulira ku Angónia, bulugamu ankamudziwa bwino.

"Bulugamu amaima njo ngati msilikali. Tsanya akapeza malo amatambasula manja ngati mayi woitanira malonda. Mukufuna ndimuveke malaya a mnzake?"

Valdemar anatseka chitseko cha ofesi. Kunja, malole anali kudutsa m'dera la Matema, fumbi lili koboo pamawindo.

"Mvetserani, mlongo. Amene amatipatsa ntchito ndi a mgodi. Mbuzi imadya pomwe aimangirira."

"Mwandiona chingwe m'khosi ine?"

"Muli ndi mwana kusukulu. Mu Tete muno anyamata a madigiri akugona pageti kufuna mpando wanuwo."

Dalva anaganiza za Lara, mwana wake, ndi kachipinda kawo ka ku Mpadue komwe mwini nyumba ankangofuna chifukwa choti aikemo anthu a kumgodi.

"Lipotilo sainani nokha, shefi," anatero. "Koma dziwani kuti mtengo uliwonse womwe ndinayeza ndinaupaka penti yofiira. Akadzabwera a boma kudzafunsa, ndidzawatsogolera ndine, mtengo ndi mtengo."

"Mukundiopseza?"

"Ayi. Ndikukuuziranitu, kuti mawa musadzati ndinakudyerani kuseri."

M'mawa mwake mlonda, a Castigo, anaimitsa Dalva pageti. Maso awo anali pansi.

"Pepani, mayi. Andiuza kuti ndisakulowetseni."

"Palibe kanthu, bambo. Si mlandu wanu."

Dalva anaima pang'ono m'mbali mwa msewu, chikwama chili paphewa. Kumbali ya mtsinje wouma kunatsala mitengo yomwe anali asanaiyeze, ndipo pamenepo masamu ake anali osalimba. Sanafune kuti wina adzapezerepo polowera. Anagula madzi ndi kachitini ka penti, nakwera chapa, minibasi yopita ku Moatize.